Funsani Amisiri: Kulumikiza ndi Kutchuna Gitala Yamagetsi ya Kit

Makalata ambiri mwezi uno akukamba za gitala yamagetsi ya kit, ija imabwera m'katoni ili zidutswazidutswa: thupi losapenta, khosi lokhomedwa kale mafureti (timizere tachitsulo todinirapo nsambo), makiyi omangira nsambo, bridge (chitsulo chogwira nsambo pa thupi), ma pickup (maginito otola mawu a nsambo), mawaya ndi kathumba ka masikuluwu. Akuyankha ndi amisiri okonza magitala ndi zokuzira mawu.

Achimwene anga ali ku Johannesburg ndipo akufuna kunditumizira kit. Andifunsa ngati ndikufuna ya mtundu wa Telecaster, Stratocaster kapena Les Paul. Sindinalumikizepo gitala chibadwire. Ndisankhe iti? — Woimba m'kwaya, Area 25, Lilongwe

Auzeni Telecaster, musachite kuganiza kawiri. Leo Fender potulutsa gitala ya mtunduwu ku Fullerton, California, mu 1950, ankafuna chinthu chosavuta kupanga ndi kukonza. Thupi lake ndi thabwa lafulati, khosi limamangidwa ndi masikuluwu anayi, bridge siyendayenda, ma pickup ndi awiri basi. Khosi likakhala mokhota mumangomasula n'kuliwongola. Stratocaster, yomwe inabwera mu 1954, khosi lake ndi la masikuluwu ndithu, koma ili ndi ma pickup atatu ndi bridge ya tremolo, yoyendayenda, yokokana ndi masipuling'i kuseri, ndiye kuitchuna koyamba kumatopetsa. Les Paul ndiye tikukuletsani pakali pano. Pa ma kit ambiri a mtunduwo khosi limamatidwa ndi guluu, ndipo limayenera kupendekera kumbuyo pang'ono kuti nsambo zikafike bwino pa bridge yake yaitali ija. Mukaphonya kapendekedweko guluu n'kuuma, kubweza kwake n'kovuta kwabasi.

Katoni ikafika musathamangire penti. Asiyeni matabwawo m'nyumba sabata yathunthu kuti azolowere mpweya wa kuno, kenako lumikizani moyeserera zonse zili zosapenta. Khosi lilowe m'mphako yake ndi dzanja, mothina pang'ono, osati mochita kukhoma ndi hamala. Tengani rula yachitsulo ya mita imodzi muyeze kuchokera pa nut, kafupa kamene nsambo zimadutsapo pafupi ndi mutu, mpaka pamsonga pa fureti ya 12. Pa magitala a mtundu wa Fender mupeza mamilimita 324. Mukawirikiza kawiri ndi 648, omwe ndi mainchi 25.5, ndipo ndi pamenepo pamene saddle (kachitsulo ka pa bridge kotsamirapo nsambo) ya nsambo yowonda kwambiri iyenera kukhala mutaikankhira pafupifupi kumapeto kwenikweni chakutsogolo. Chifukwa chake n'chakuti potchuna, ma saddle onse amabwerera m'mbuyo ndi milimita imodzi mpaka anayi. Palibe imene imapita kutsogolo kwa muyezowu. Ngati mabowo a bridge anabooledwa kale ku fakitale koma muyezo sukugwirizana, atsekeni ndi timitengo ndi guluu mubowole ena lero lomwe. Mukadzazindikira mutapenta kale, chipsera chake chidzaonekera mpaka kalekale.

Ndinapopera thupi la gitala ndi penti ya galimoto ya m'chitini, pamwamba pake n'kupopera vanishi wowala. M'mawa mwake ndinapeza lachita mbuu, ndipo timizere ta thabwa tikuonekabe pansi pa penti. Ndalakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Bvumbwe, Thyolo

Kuyera kumeneko ndi chinyezi, bambo, ndipo kwanu kuja sitikudabwa. Thina wa mu penti akamauluka msanga amaziziritsa pamwamba pa thabwa, nthunzi ya mumpweya n'kusanduka timadontho tosaoneka tomwe timatsekeredwa m'kati mwa vanishi. Chinyezi cha mumpweya chikapyola maperesenti 65 kapena 70 musapopere. Ndiye kuti nyengo ya mvula ndi masiku a chiperoni a mu June ndi July siyanu. Dikirani August mpaka October, dzuwa litakwera, mupopere pamthunzi posadutsa fumbi. Ngati vanishi wanu ndi wa lacquer, tsiku louma poperaninso kamodzi mopyapyala. Watsopanoyo amasungunula wakale, chinyezi n'kutuluka. Zikakanika, palani ndi sandipepa ya nambala 400 muyambirenso.

Timizere tija ndi tina. Mitengo ya ash ndi mahogany ili ndi timabowo totseguka tomwe timamwa penti, choncho imafuna grain filler musanapente: mumapaka mopingasa mizere ya thabwa, kupukuta wotsala, kusiya usiku wonse, kenako kupala. Basswood ndi alder, yomwe ma kit ambiri amagwiritsa ntchito, safuna zimenezi.

Dongosolo lake ndi ili. Palani motsata mizere ya thabwa ndi sandipepa ya 180, kenako 240, pomaliza 320. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono kuti tiubweya ta thabwa tidzuke, likauma mupalenso ndi 320. Matani tepi m'mphako ya khosi, chifukwa penti ikalowamo khosi silidzalowanso. Poperani sealer kawiri, penti yamtundu kawiri kapena katatu, vanishi wowala kasanu ndi kamodzi mpaka kakhumi, zonse mopyapyala, chitini chili masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pa thabwa, osapyola katatu patsiku. Zitini zonse zikhale za mtundu umodzi: lacquer ikagwera pa penti ya enamel imaikwinyitsa. Mukatero likolekeni thupilo milungu itatu kapena inayi. Kunja limaoneka louma tsiku lachiwiri lomwe, koma m'kati likadali lofewa, ndipo mukamanga bridge msanga imamira mu penti. Likauma ndithu palani ndi sandipepa yonyowetsa ya 800, 1000, 1500 ndi 2000, n'kumaliza ndi polishi wa galimoto. Valani chotseka kukamwa ndi mphuno choyenera penti, ndipo mbaula ikhale kutali.

Amene mulibe malo abwino opoperera, mafuta monga Tru-Oil kapena Danish oil amapakidwa ndi kansalu ndipo savutika kwambiri ndi fumbi. Koma nsalu zonyowa mafutawo musaziunjike pamodzi, zimatha kutentha zokha n'kuyaka. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi kapena ziviikeni m'madzi.

Pomanga makiyi, kasikuluwu kamodzi kathyokera m'kati mwa mutu wa gitala. Komanso nsambo yowonda ikumagwera kunja kwa khosi ndikamaimba kumtunda. — Mphunzitsi, Mzuzu

Khosi ndi la maple, mtengo wolimba, pamene timasikuluwu ta m'ma kit chitsulo chake n'chofewa. Musalowetse sikuluwu ina iliyonse musanaibowolere njira. Ta makiyi timafuna bowo la mamilimita 1.5, zengani tepi pa drill kuti musapyoze kutsogolo, pakani kasikuluwuko kandulo, ndipo mangani ndi screwdriver ya pamanja. Kothyokako, ngati katsala kamutu kogwirika, kapotokoleni ndi pulayala. Ngati kamira, bowolani timabowo tating'ono mozungulira mpaka katuluke, tsekani dzenjelo ndi kamtengo kolimba ndi guluu wa matabwa, mawa lake mubowolenso. Chitsulo cha kiyi chimabisa chipseracho.

Nsambo yogwera kunja ikusonyeza kuti khosi lapenya kumbali. Masulani masikuluwu anayi aja pang'ono nsambo zili zomangika, kankhani mutu wa gitala kumbali mpaka nsambo ziwiri zakunja zitalikirane mofanana ndi m'mphepete mwa khosi, pafupifupi mamilimita atatu mbali iliyonse pa fureti yomaliza, kenako mangani mopingasa: yakumanja kumtunda, yakumanzere kumunsi, n'kumaliza zinazo. Onaninso mabowo a m'thupi. Sikuluwu iyenera kudutsa m'thupi momasuka n'kukaluma m'khosi mokha. Ikamaluma m'thupi momwe, imathina isanakokere khosi pansi, pamatsala kampata, ndipo khosi limasuntha nthawi iliyonse gitala ikagunda penapake. Kulitsani mabowo a m'thupiwo afike mamilimita 4.5. A m'khosi akhale a mamilimita atatu.

Ndamaliza kulumikiza zonse. Ndikatsitsa nsambo zikumakhudza mafureti n'kumalira kuti zzz, ndikazikweza zala zikupweteka. Mnzanga akuti ndipotokole truss rod mpaka phokoso lithe. N'zoona? — Woimba lead, Ndirande, Blantyre

Ayi, mnzanuyo akuthyoletsani khosi. Truss rod, chitsulo chija chili m'kati mwa khosi, ntchito yake ndi imodzi: kulimbana ndi nsambo zimene zikukokera khosi kutsogolo. Nsambo za 10-46 (yowonda nambala 10, yonenepa nambala 46) pa gitala ya mainchi 25.5 zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 46. Sichinaikidwe kuti chizikweza kapena kutsitsa nsambo. Pali zinthu zitatu zoyeza, ndipo ziyenera kutsatana, chifukwa mukasintha choyamba zotsatira zonse zimasintha.

Yambani ndi kupindika kwa khosi. Tchunani gitala, muigwire monga mukuimba, osati kuigoneka patebulo. Ikani capo (kachipangizo kopanira nsambo zonse pa khosi) pa fureti yoyamba, dinani nsambo yonenepa pa fureti yomaliza, ndiye muyang'ane mpata pakati pa nsambo ndi fureti ya 8. Fender amanena mamilimita 0.25 pa makosi ambiri amakono. Feeler gauge ya amakaniko a galimoto ndiyo yoyezera. Ikasowa, kadulidwe ka nsambo yowonda ya nambala 10 kali ndi muyezo womwewo. Mpata ukakula, potokolani truss rod chakumanja, monga mmene wotchi imayendera, khosi liwongoke. Nsambo ikagona pa fureti popanda mpata, masulani chakumanzere. Potokolani gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulira, mukachulukitsa limodzi mwa anayi, mutchunenso, muyezenso. Ma kit ambiri amafuna Allen key ya mamilimita 4. Ikhale yolowa bwinobwino, chifukwa yaing'ono imadya mutu wa nati. Mukamva kuti yalimba, lekani pomwepo.

Chachiwiri ndi kutalika kwa nsambo, komwe kumasinthidwa pa ma saddle ndi ka Allen key kakang'ono. Chotsani capo muyeze pa fureti ya 12, kuchokera pamsonga pa fureti mpaka kunsi kwa nsambo: mamilimita 2 ku nsambo yonenepa, 1.6 ku yowonda. Zapakati zitsatire kupindika kwa fretboard, thabwa la pamwamba pa khosi lokhala ndi mafureti, zisakhale pa mzere wafulati. Woimba modekha akhoza kutsitsako. Womenya mwamphamvu, monga ambiri oimba rhythm m'matchalitchi, akwezeko pang'ono. Ngati ma saddle afika pansi penipeni koma nsambo zikadali kumwamba, vuto ndi kakhalidwe ka khosi. Limasuleni, ikani kachidutswa ka khadi yopyapyala m'mphako, kumapeto koyandikira ma pickup, mumangenso. Kakhadi ka theka la theka la milimita kamasintha zambiri.

Chachitatu ndi nut, ndipo apa ndi pamene ma kit pafupifupi onse amabwera osamalizidwa. Fakitale imasiya timipata ta nut tili pamwamba dala. Zotsatira zake, makodi a kumutu monga F amalimba, ndipo G ndi D amamveka okwera ngakhale tyuna ikuti zonse zili bwino, chifukwa chala chikukoka nsambo mtunda wautali kuti ifike pa fureti. Dinani nsambo pa fureti yachitatu muyang'ane pa fureti yoyamba: pakhale kampata kongolowa pepala limodzi. Ukakula, kumbani kampata ka nut ndi fayilo yake, mopendekera kumutu, kawiri kapena katatu basi, n'kubwezera nsambo muyezenso. Mukapyoza, nsambo imalira ili yosadina. Mankhwala ake ndi ufa wa fupa kapena soda wophikira ndi kadontho ka super glue, kenako kukumbanso. Pakani nsonga ya pensulo m'timipatamo kuti nsambo isamagwire potchuna.

Zonsezi zikakhala bwino koma phokoso likumveka pa fureti imodzi kapena ziwiri zokha, ndiye kuti pali fureti yotumphuka. Tengani chitsulo chachifupi chowongoka chogona pa mafureti atatu okha, monga mpeni wa Stanley knife mutamata tepi kukamwa kwake, muziyendetsa khosi lonse. Pamene chagwedera, yapakatiyo ndiyo yaitali. Yang'anani kaye ngati sinatuluke m'ngalande yake, chifukwa nthawi zambiri imangofuna kukhomedwa pang'ono ndi hamala yapulasitiki. Ngati yakhala bwino, matani tepi pa thabwa mbali zonse, ipakeni maka yakuda, muipale ndi sandipepa ya 400 yomata pa kathabwa kafulati mpaka kugwedera kuthe, kenako muzungulitsenso msana wake ndi fayilo kuti nsambo izikhudza pakati pokha. Mafureti ambiri akakhala otero, pitani nayo kwa mmisiri; chitsulo chimene mwapala sichibwerera.

Dziwaninso kuti muyezo wa mu October sudzakhala womwewo mu February. Khosi limayenda ndi nyengo, ndipo kulikhudza pang'ono kawiri pachaka si chizindikiro chakuti gitala ndi yoipa.

Tyuna ikuonetsa kuti nsambo zonse zili bwino, koma ndikafika pa fureti ya 12 kupita kumtunda ndikusemphana ndi kiyibodi. — Mtsikana wa bandi ya achinyamata, Zomba

Chemwali, imeneyo ndi intonation, kulondola kwa mawu a nsambo pa mafureti onse, ndipo imachitika pomaliza, ndi nsambo zatsopano zimene mwazikoka pang'ono kuti zikhazikike. Tchunani nsambo ili yosadina, kenako idineni pa fureti ya 12 mofatsa monga mumaimbira. Tyuna ikaonetsa kuti yakwera, nsamboyo yafupika: bwezani saddle m'mbuyo, kutali ndi khosi. Ikaonetsa kuti yatsika, ibweretseni kutsogolo. Masulani nsambo pang'ono musanapotokole sikuluwu, mutchunenso nthawi iliyonse. Mukamaliza, ma saddle amaoneka ngati masitepe awiri a atatuatatu. Pa Telecaster ya ma saddle atatu, nsambo ziwiri zimagawana saddle imodzi, ndiye mumagawa cholakwikacho pakati, kapena kugula ma saddle osemedwa mopendekera.

Nsambo zonenepa zikamamveka ngati mawu awiri akulimbana, tyuna n'kumavinavina, tsitsani ma pickup. Maginito ake akukoka nsambo. Dinani pa fureti yomaliza muyeze kuchokera pa pickup mpaka kunsi kwa nsambo: pa single coil, pickup ya koilo imodzi, yambirani mamilimita 2.4 kumbali yonenepa ndi 2 kumbali yowonda.

Gitala yanga ikung'ung'udza kwambiri pa ampulifaya, ndikagwira nsambo phokoso likukula. Kutchalitchi kwathu ndikagwira nsambo n'kuyandikiza mlomo ku maikolofoni ndikumva kuluma. — Mkulu wa kwaya, Mchinji

Tiyambe ndi kuluma, bambo, chifukwa kumeneko kumapha. Vuto silili m'gitala. Lili mu ampulifaya, mu mixer kapena m'mawaya a nyumbayo. Nsambo zimalumikizana ndi chitsulo cha ampulifaya kudzera mu chingwe cha gitala. Ngati phini yaitali ya pulagi, ya earth, inathyoledwa kapena sinalumikizidwe, kapena ekisitenshoni ndi ya mawaya awiri, magetsi otayikira amafuna njira yopitira pansi ndipo njirayo imakhala inuyo. Les Harvey, woimba gitala wa ku Scotland, anafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni yopanda earth. Lekani kugwiritsa ntchito zipangizozo mpaka wamagetsi wodziwa ntchito ayeze soketi iliyonse. Ampulifaya ndi mixer zizidya pa malo amodzi okhala ndi earth yeniyeni, ndipo jenereta nayo ikhale ndi earth yake. Ampulifaya yochokera ku America yolembedwa 120V isalowe pa magetsi athu a 230V popanda thiransifoma yotsitsa.

Tsopano kung'ung'udza. Pa gitala yolumikizidwa bwino, phokoso limachepa mukagwira nsambo. Lanu likukula, ndiye mosakayika mwasemphanitsa mawaya awiri a pa jack, polowera chingwe cha gitala. Waya wonyamula mawu upite ku kaphazi kolumikizana ndi kachitsulo kaatali kokhudza nsonga ya pulagi, wa ground upite ku kaphazi kolumikizana ndi mphete ya pakati. Musadalire maso, yezani ndi multimeter. Ngati kugwira nsambo sikusintha kalikonse, ndiye kuti waya wochokera kuseri kwa pot (chitsulo cha m'kati cha batani la voliyumu kapena toni) kupita pansi pa bridge mwauiwala kapena sukukhudza chitsulo. Ikani multimeter pa continuity (poyezera ngati zinthu ziwiri zalumikizana), nsonga imodzi pa nsambo, ina pa nati ya jack, iyenera kulira.

Mawaya ambiri a m'ma kit amavuta chifukwa cha kuwotcherera kozizira. Kuseri kwa pot kumamwa kutentha, ndiye soldering iron ya mawati 15 imangomata solder pamwamba osagwira. Pezani ya mawati 40, palani kuseri kwa pot ndi sandipepa, pakani solder pa pot ndi pa waya payokhapayokha, kenako muziphatikize kwa masekondi atatu kapena anayi. Mukachedwetsa mumapsereza za m'kati. Solder ikhale ya zamagetsi ya 60/40 yokhala ndi rosin, osati ya asidi ya okonza mapaipi, yomwe imadya mawaya. Polumikiza pabwino pamawala ndipo m'posalala; pakakhala potuwa ndi pa mabwumbwu, bwerezani. Single coil imayenda ndi ma pot a 250k ndi capacitor ya 0.047µF, humbucker, pickup ya makoilo awiri, ndi a 500k ndi 0.022µF. Mukayeza pa jack voliyumu ili yonse, single coil wamba imaonetsa ma ohm pakati pa 5k ndi 8k. Ziro ndiye kuti mawaya akhudzana penapake.

Zonse zikakonzeka kaphokoso pang'ono kadzatsalabe. Single coil imatola mafunde a 50Hz a magetsi a ESCOM, ndipo n'chifukwa cha phokoso la mtundu umenewu Seth Lover anapangira Gibson humbucker, yomwe inayamba kuikidwa pa magitala awo mu 1957. Kumata tepi yakopa m'mphako zonse ndi kuseri kwa pickguard (pulasitiki ya pamwamba pa thupi), n'kuilumikiza ku ground, kumachepetsa phokoso la mababu ndi matchaja a foni. Inveta yotchipa ya modified sine wave ndiye imalira m'zokuzira mawu zambiri ngakhale gitala ikhale yabwino motani.

Ndine kalipentala. Ndingagule khosi ndi zamagetsi zokha, thupi n'kusema ndekha ndi mbawa kapena mlombwa? — Kalipentala, Mangochi

N'zotheka ndithu. Mbawa ndi mtengo wa mtundu wa Khaya, womwe opanga magitala kunja amaugula pa dzina la African mahogany. Mlombwa nawo sutakataka ukauma, koma sankhani thabwa lopepukirapo, poti gitala imakhala paphewa maola. Chachikulu ndi kuuma: thabwa la dzulodzulo lidzapindika, mphako ya khosi n'kusintha. Pezani limene lakhala m'nyumba zaka, logulidwa kwa ogulitsa ovomerezeka. Thupi la Telecaster ndi lochindikala pafupifupi mamilimita 45, ndipo mphako ya khosi ndi yakuya mamilimita 16. M'lifupi mwake musatengere za papepala. Dikirani khosi lifike, muyeze chidendene chake, mupange template pa plywood, muiyese pa thabwa lotaya musanakhudze mbawa. Jambulani mzere wapakati poyamba, mukumbe mphako ndi router, mumange khosi, ndiye muyeze malo a bridge kuchokera pa nut. Mitengo iwiri yonseyi ili ndi timabowo totseguka, ndiye grain filler isasowe ngati mukufuna penti yowala.